Kodi munthu amene kunalibe angalembe za Hiroshima?

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mayi wina wophunzitsa pa sekondale. Ndaifupikitsa pang'ono:

"Bambo, ndimatsogolera kagulu ka ana okonda kuwerenga pa sukulu pathu. Mnzanga anandibwereka buku la Black Rain la Masuji Ibuse, ndipo ndinalimaliza m'mausiku atatu, tulo osabwera. Ndinaganiza zoti tiliwerenge ndi ana teremu ikubwerayi. Koma ndamva kuti mkuluyu kunalibe ku Hiroshima tsiku la bomba, ndiponso kuti zambiri anachita kukopera m'dayale ya munthu wina. Ndakhumudwa kwambiri. Kodi misozi yanga ndinatayira bodza? Chinanso, agogo anga aamuna anakamenya nkhondo ku Burma, ndipo za asilikali a Japan sankazikamba bwino. Kodi bukuli silikuwayeretsa anthu amenewa? Nanga ana a Fomu 3 angalipirire?"

Mayi, mtima ukhale m'malo. Zonse ziwiri zimene mwamvazo n'zoona, koma misozi yanu simunatayire bodza. Bukuli ndawerenga ndi magulu ambiri a ophunzira pa zaka zimene ndakhala ndikuphunzitsa zolembalemba, ndipo sipalephera kupezeka mmodzi wodzutsa nkhani yomweyi. Wina anachita kundiponyera mwambi m'kalasi, amvekere: "Aphunzitsi, paja kandimverere anakanena za m'maluwa." Ndinaseka, koma funso lake linali lolemera, ndipo ndiyesa kukuyankhani monga ndinamuyankhira iye, kungoti lero ndili ndi malo okwanira.

Tiyambe ndi kumene anali. Ibuse Masuji (kwawo amayamba ndi dzina la banja, n'chifukwa chake pa chikuto cha bukulo mwaona atatembenuza) anabadwa pa 15 Febuluwale 1898 m'mudzi wa Kamo, kum'mawa kwenikweni kwa chigawo cha Hiroshima ku Japan, dera limene lero lili mu mzinda wa Fukuyama. Ndiye kuti anali wa chigawocho koma osati wa mu mzinda wa Hiroshima, umene uli pa mtunda wa makilomita pafupifupi 100 kuchoka kwawoko. Anakaphunzira mabuku a Chifalansa pa yunivesite ya Waseda ku Tokyo, sanamalize. Anatchuka ndi tinkhani ta anthu wamba, asodzi, madokotala a kumudzi, ogwira ntchito m'nyumba zogona alendo, ndiponso kankhani ka chinyama cha m'madzi chonga buluzi chimene chinakula mutu mpaka kukanika kutuluka m'phanga lake. Anali munthu wa nthabwala zoziziritsa, wokonda mbedza kuposa misonkhano. Mu 1938 analandira mphotho ya zolembalemba ya Naoki. Ndiyenso anali ngati mlangizi wa mlembi wina wotchuka, Dazai Osamu, moti ukwati wa Dazai mu 1939 unachitikira m'nyumba ya Ibuse. Zimenezi muzisunge, chifukwa munthu amene anayendetsapo za ukwati wa mnzake amadziwa mmene banja la mwamuna limafufuzira mbiri ya mtsikana, ndipo Black Rain yonse yakhazikika pamenepo.

Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itafika povuta anachoka ku Tokyo kupita ku Kōfu, ndipo mzinda umenewo utatenthedwa mu Julayi 1945 anabwerera kumudzi kwawo ku Kamo. Bomba la nyukiliya la America likuphulika pamwamba pa Hiroshima nthawi ya 8:15 m'mawa pa 6 Ogasiti 1945, iye anali kumudziko, ali ndi zaka 47. Moto wa tsikulo sanauone. Chimene anaona ndi chimene chinadza pambuyo: anthu obwerera m'midzi, ena opanda ndi bala lomwe, amene patapita masabata tsitsi linayamba kuthothoka, nkhama kutuluka magazi, kenako maliro. Analembako kankhani kakafupi mu 1951, koma buku lalikululi linadikira zaka 20.

Tsopano za dayale. Kunali munthu weniweni dzina lake Shigematsu Shizuma, wa m'mudzi wa Kobatake, amene bomba linamupeza pa siteshoni ya sitima ya Yokogawa, makilomita ngati awiri kuchoka pamene linaphulikira. Mkuluyu analemba zimene anaona masiku amenewo, ndipo zolembazo anazipereka yekha kwa Ibuse. Taonani dzina la mwini nkhani m'buku mwawerengamo: Shizuma Shigematsu. Ibuse anangotembenuza maina awiriwo basi. Wakuba mbuzi sasiya chingwe chake chikulendewera pakhomo chonchi. Anagwiritsanso ntchito zolemba za dokotala wina wopulumuka, Iwatake, amene m'bukumo akutchedwa ndi dzina lomwelo, kuphatikizapo maumboni a anthu ena ambiri. Nkhaniyi inayamba kutuluka zigawozigawo m'magazini ya Shinchō mu Januwale 1965 ndi mutu wakuti Mei no kekkon, kunena ukwati wa mwana wa m'bale wako, ndipo ili pakati mutu unasintha kukhala Kuroi ame, mvula yakuda. Inatha mu Seputembala 1966.

Sindikubisirani kuti ku Japan komweko nkhaniyi inabutsa mkangano, makamaka m'zaka zoyandikira imfa ya Ibuse mu 1993 ndi pambuyo pake. Ena anati anakopera mopitirira muyezo. Dayale ya Shigematsu inasindikizidwa payokha mu 2001, ndipo amene anaika mabuku awiriwa pambalipambali anaona kuti ndime zambiri za masiku a bomba zikutsatana kwambiri. Maganizo anga ndi awa: dandaulo lilipo ndithu. Mu 1966 Ibuse analandira mphotho ya Noma ndiponso ulemu waukulu wa boma pa za chikhalidwe, pamene mwini dayale, amene anapsa tsaya ndi kudwala zaka zonsezo, dziko silinamudziwe. Ine ndikanakonda dzina lake likanakhala pa tsamba loyamba ndi zilembo zikuluzikulu. Koma funso lanu linali lakuti kodi munalirira bodza, ndipo pamenepa yankho likutembenuka. Kukoperako ndi kumene kukuchititsa kuti zimene munawerenga za mitembo m'mitsinje, za anthu opempha madzi, za mawaya ogwa m'misewu, zikhale za munthu amene anapondapo ndi mapazi ake. Ibuse akanati azipeke m'mutu mwake ali ku Tokyo, pamenepo ndiye tikanati za m'maluwa.

Nanga iye anawonjezapo chiyani? Apa ndi pamene ndimachedwa ndi ophunzira anga, ndipo inunso muchedwepo.

Dayale imanena za Ogasiti 1945. Ibuse anaiika m'kati mwa nkhani ina yochitika patapita zaka pafupifupi zisanu, m'mudzi wabata wa kumapiri. Shigematsu ndi mkazi wake Shigeko akulera Yasuko, mwana wa m'bale wawo. Mtsikanayu ndi wabwinobwino, koma aliyense womufunsira akamva mphekesera yoti bomba linamupeza mu mzinda, amabwerera osatsanzika. Shigematsu akudziimba mlandu chifukwa ndiye anamuitanira ku Hiroshima. Pofuna kutseka pakamwa anthu, akukatenga kalata ya dokotala yoti mtsikanayo alibe matenda, koma kalatayo m'malo mothandiza ikungodzutsa chikayiko: ngati ali bwino, kalata ya chiyani? Wapakati wa ukwatiwo akufuna kudziwa kumene Yasuko anali tsiku lililonse kuyambira pa 6 Ogasiti. Ndiye Shigematsu akuyamba kukopera dayale ya Yasuko, ndi yake yomwe, kuti zikhale umboni woti mtsikanayo anali kutali.

Mwaona kuchenjera kwake? Umboni umene akusonkhanitsa kuti amuwombole ndi umene ukumugwetsa. Yasuko analidi kunja kwa mzinda, koma pobwerera pa boti inamugwera mvula yakuda, madontho ake ochindikala ngati cholembera, ndipo mawanga ake anakana kuchoka pakhungu ngakhale anachapa ndi sopo. Iye analemba zimenezi m'dayale mosabisa, poti nthawi imeneyo panalibe amene ankadziwa kuti mvulayo ndi ululu. Pokopera, mwamuna ndi mkazi wake akufika pa ndime imeneyi, n'kuyamba kukambirana ngati si bwino kungoidumpha. Funso lanu lomwe lija, Mayi, la amene ali ndi ufulu wokopera zolemba za mnzake ndi zimene angasiye, Ibuse analiika m'kati mwa buku lake, pakati pa anthu awiri okonda mwana wawo. Sindikhulupirira kuti zinangochitika mwangozi.

Pali kanthu kena kakang'ono kamene ambiri amakadumpha. Shigeko akuchenjeza mwamuna wake kuti inki ya cholembera imafufuma pakapita zaka, ndipo akuona kalata yakale ya makolo awo imene zilembo zake zinazilala. Kuyambira pamenepo Shigematsu akulemba ndi burashi ndi inki yakuda ya makolo, poti akufuna kuti zolembazo zikasungidwe pa sukulu ya pulayimale ya m'mudzimo. Mzinda wonse wapsa, anthu pafupifupi 140,000 anali atafa pofika kumapeto kwa 1945, ndipo anthu awiri akukangana za mtundu wa inki. Ameneyo ndiye Ibuse. Safuula. Amakuonetsa kanthu ka m'nyumba, iwe wekha n'kuzindikira kukula kwa chimene chatayika.

Chimodzimodzi nkhani ya mbedza. Shigematsu ndi anzake awiri, Shōkichi ndi Asajirō, ali ndi matenda a bomba osaonekera kunja. Akagwira ntchito yolemetsa thupi limalefuka, timatuza timatuluka m'mutu, tsitsi n'kumazuka. Dokotala wawauza kuti azidya bwino ndi kumayendayenda pang'ono. Koma kumudzi bambo wamphamvu zake angamangoyendayenda anzake ali m'munda? Ndiye akupita kukawedza padziwe, ndipo mayi wina wamasiye podutsa ndi katundu wake akuwalasa ndi mawu, kuti ena ali ndi mwayi, akupuma anzawo akukhetsa thukuta. Shōkichi akupsa mtima, akudandaula kuti anthu aiwala kale. Pofuna kuti asamaoneke alesi, atatuwa akuyamba kuweta nsomba za mtundu wa carp. Ndime imeneyi sindinafunikepo kuifotokozera ophunzira. Aliyense amene anakhalapo ndi wodwala wooneka wonenepa, amene anthu amamunena kuti akunamizira, amaimva nthawi yomweyo.

Ana adzakufunsani chifukwa chimene anthu a m'mudzimo ankaopera Yasuko, choncho mukhale ndi mayankho. Mu Seputembala 1945 akuluakulu a asilikali a America amene ankalamulira Japan anaika malamulo a zofalitsa nkhani, ndipo zolemba za bomba zinkapimidwa kapena kuletsedwa. Ulamulirowo unatha mu Epulo 1952. Zaka zimenezo anthu wamba ankaona anzawo akufa ndi matenda osadziwika popanda wowafotokozera. Bungwe la ABCC limene America inakhazikitsa linkayeza opulumuka pofuna kafukufuku, koma silinkawapatsa mankhwala, ndipo ambiri anawawidwa nazo mtima. Khansa ya m'magazi inayamba kuchuluka patapita zaka zochepa. Boma la Japan linadzakhazikitsa lamulo lothandiza opulumukawa pa za chipatala mu 1957, patatha zaka 12, ndipo izi zinatheka dziko litagwedezeka ndi ngozi ya mu 1954, pamene phulusa la bomba limene America inkayeserera pa zilumba za Bikini linagwera asodzi a boti la Daigo Fukuryū Maru. Pamene palibe wonena zoona, mphekesera ndiyo imalamula. Anthu ankati matendawa ndi opatsirana, ankati mkazi wa ku Hiroshima adzabala ana olumala. Ambiri mwa opulumuka, amene kwawoko amatchedwa hibakusha, anabisa mbiri yawo ngakhale kwa amuna kapena akazi awo.

Muwauze ana zoona zake momveka. Matenda obwera ndi cheza cha bomba, chimene madokotala amati radiation, sapatsirana pogwirana chanza, podyera limodzi kapena pokwatirana. Ana amene anali m'mimba tsiku la bomba, amayi awo ali pafupi, ena anabadwa ndi mitu ing'onoing'ono ndi ubongo wosakula bwino. Koma pa ana amene mimba zawo zinadza pambuyo pake, kafukufuku wa zaka zambiri sanapeze umboni woonekeratu woti zilema zinachuluka. Ndiye kuti mabanja amene ankathawa atsikana ngati Yasuko ankaopa chinthu chimene sichinatsimikizike, pamene choopsa chenicheni chinali m'thupi la mtsikanayo, ndipo wofunika kumusamala anali iyeyo.

Za mvula yakudayo musaganize kuti inathera m'buku. Mu 1976 boma linalemba malire a dera limene linati ndi kumene kunagwa mvula yambiri, ndipo okhala kunja kwa malirewo sanawerengedwe. Anthu 84 anakasuma, ndipo khoti la ku Hiroshima linawapatsa chilungamo mu Julayi 2020, khoti lalikulu n'kugwirizana nazo mu Julayi 2021, boma osapitirizanso apilo. Ena mwa osumawo anamwalira mlandu uli m'kati. Tangoganizani, patatha zaka 76 nkhalamba zinali zikufunsidwabe funso lomwe wapakati uja anafunsa za Yasuko: unali pati, ndipo umboni wako uli kuti? Mu 2024 bungwe la opulumukawa, Nihon Hidankyō, linalandira mphotho ya mtendere ya Nobel.

Komabe ngati mtima wanu ukufuna mawu a munthu amene analipo, musaukanize, chifukwa wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Alipo olemba otere, ndipo ine sindiphunzitsa Ibuse popanda kuikapo mmodzi mwa iwo. Hara Tamiki bomba linamupeza ali m'chimbudzi cha nyumba ya kwawo, ndipo n'chimene chinamupulumutsa. Nkhani yake yaifupi, Summer Flowers, inatuluka mu 1947, ndipo imayamba ndi iye akugula maluwa okaika pamanda a mkazi wake amene anamwalira chaka cha 1944. Ōta Yōko analemba City of Corpses m'miyezi yotsatira bomba pa timapepala totolatola, akuthamanga poopa kuti afa asanamalize. Linatuluka lodulidwa mu 1948, lathunthu mu 1950. Hayashi Kyōko anali mtsikana wa zaka 14 wogwira ntchito pa fakitale ya zida ku Nagasaki pa 9 Ogasiti, tsiku limene bomba lachiwiri linagwa pa mzindawo, ndipo analemba za tsikulo ndi zotsatira zake moyo wake wonse mpaka anamwalira mu 2017. Mukawaika pambali pa Ibuse mudzamva kusiyana. Mawu awo ndi osongoka, aukali, nthawi zina oduka pakati. A Ibuse ndi osalala, ndipo alipo amene amati kusalala kumeneku ndi kumene kunachititsa kuti dziko lilandire buku lake mosavuta kuposa a eni ake ovulalawo. Mfundo imeneyi ndimaivomereza theka. N'zoona kuti anthu amakonda womva chisoni mwaulemu kuposa wolira mokuwa. Koma n'zoonanso kuti Hara ndi Ōta analemba za bomba, pamene Ibuse analemba za anansi, za ife amene timatsala n'kumasankha woyenera kukwatiwa. Pa nkhani imeneyo iye sanali mlendo. Anali mmodzi wa anthu a kumudzi amene analandira obwererawo.

Mungatchulenso mlembi wina, Ōe Kenzaburō, amene naye kunalibe. Iye anapita ku Hiroshima mu 1963, mwana wake atangobadwa ndi vuto la mu ubongo, n'kukacheza ndi odwala ndi madokotala, ndipo Hiroshima Notes inatuluka mu 1965. Koma ameneyo ndi wolemera kwa Fomu 3. Muwerenge nokha.

Tibwere kwa agogo anu. Sanali kunama. Asilikali ochokera ku Nyasaland ndi ku Northern Rhodesia anamenyanadi ndi a Japan ku Burma mu 1944, ndipo nkhanza za asilikali a Japan ku China, Korea, Philippines ndi maiko ena n'zolembedwa. Ibuse mwiniyo sanali kutali nazo. Mu 1941 anatengedwa ndi boma m'gulu la olemba ofalitsa mbiri yabwino ya asilikali, ndipo anali ku Singapore mu 1942, chaka chimene asilikali a Japan anapha anthu ambiri a mtundu wa Chitchaina mu mzindawo. Nkhani imene analemba ali kumeneko inajambula mzinda wamtendere. Nkhondo itatha, mu 1950, analemba nkhani yonyoza mzimu wa usilikali kudzera mwa msilikali wopenga amene amalamulabe anthu a m'mudzi ngati ali ku nkhondo. Zonse ziwirizi ndi zake, ndipo ana azimve zonse.

M'buku lenilenilo mulibe kuyeretsa asilikali. Akuluakulu a nkhondo akuoneka ouma mtima, osunga katundu anthu akuvutika, otumiza Shigematsu uku ndi uku pamene akufunafuna malasha a fakitale. Shigematsu akufika ponena kuti bola mtendere wokhota kusiyana ndi nkhondo yolungama, ndipo mfundo imeneyo yokha ingakudyereni ola lathunthu la mtsutso. Koma chimene mwanunkhizacho chilipo. Bukuli silifunsa kuti nkhondoyi anaiyamba ndani. Silikhalitsa pa zoti Hiroshima unali mzinda wa asilikali, wokhala ndi likulu la gulu lalikulu la nkhondo ndi doko la Ujina pamene ankakwerera zombo. Ndiponso anthu a ku Korea, amene ambirimbiri anafa ndi bombalo, ena atabweretsedwa mokakamiza kudzagwira ntchito, alibe malo enieni m'nkhaniyi. Chipilala chowakumbukira chinamangidwa mu 1970 kunja kwa paki ya mtendere, ndipo chinalowetsedwa m'kati mu 1999. Zimene buku lasiya, mphunzitsi ndiye aziike patebulo. Muwauze ana za agogo anu tsiku loyamba lomwe. Mwana angathe kugwira zinthu ziwiri nthawi imodzi: kuti asilikali a dziko lina anachita zoipa, ndi kuti mtsikana wa dziko lomwelo sanayenere kugweredwa mvula ija. Ndipo ngati wina anganene kuti izi n'zakutali, mumukumbutse kuti miyala yambiri ya uranium imene America inagwiritsa ntchito popanga mabomba oyambawo inakumbidwa ku Shinkolobwe, m'chigawo cha Katanga ku Congo, chimene chachita malire ndi Zambia.

Kodi ana a Fomu 3 angalipirire? Ambiri inde, koma osati mongowaponyera buku n'kuwauza kuti tikumane Lachisanu. Ine ndinalakwitsapo chonchi ndili wamng'ono pa ntchito. Ndinapereka mitu ya pakati kuti akawerenge okha, ndipo mtsikana wina anasiya kubwera. Nditamufunsa patapita masabata, ndinamva kuti mng'ono wake anapsa ndi moto wa m'nyumba zaka ziwiri m'mbuyomo, ndipo ine sindinadziwe. Kuyambira pamenepo ndimanena poyera tisanayambe kuti m'bukuli muli anthu opsa, mitembo yambiri ndi matenda, ndipo amene akufuna kudumpha ndime ina kapena kutuluka panja safunika kupereka chifukwa. Mitu ya tsiku la bomba ndi masiku otsatira muwerengere limodzi, mokweza, inu mulipo. Ndime yabwino yopumirapo ndi imene Shigeko akulemba zimene banja linkadya nthawi ya nkhondo, mpunga wosakaniza ndi soya, masamba otola kutchire. Ana amaseka, amayerekeza ndi zimene anamva kwa makolo awo za zaka za njala, kenako amakhala chete okha. Inanso ndi pamene Shigematsu, munthu wa mu ofesi, akutumidwa kwa wansembe wokalamba wa Chibuda kukalemba mapemphero a maliro m'kabuku, chifukwa akufa achuluka ndipo ansembe palibe. Tsiku loyamba akuwerenga mwamanyazi. Posakhalitsa akuwadziwa pamtima.

Filimu yake ilipo, ya Imamura Shōhei, ya mu 1989, yopanda mitundu. Ndi yabwino, koma muionere nokha kaye, chifukwa zimene maso aona sizifufutika msanga ngati zowerenga, komanso anawonjezamo anthu ndi zochitika zimene m'buku mulibe. Za Hara Tamiki, dziwani kuti anadzipha mu Malichi 1951. Mwana akafunsa musaname, koma musakhalitse pa njira yake, ndipo musaikambe ngati mathero okongola a mlembi.

Pali pamene muyenera kuitana ena. Mwana akayamba kulota zoopsa masiku angapo, kusiya kudya, kudzipatula, kapena kulankhula zofuna kufa, imeneyo si nkhani ya kalabu ya mabuku ayi. Uzani makolo ndi aphunzitsi olangiza ana tsiku lomwelo, ndipo ngati zikupitirira apite kuchipatala. Mafunso a zaumoyo adzabweranso, ndikukutsimikizirani. Wina adzati amayi ake anajambulidwa X-ray ali ndi pakati, wina adzati azakhali ake akuwotchedwa khansa ndi makina ndiye kodi tiziwathawa. Musayankhe za m'mutu. Cheza cha kuchipatala chimayezedwa mlingo ndipo n'chosiyana kutalitali ndi cha bomba, koma wofotokoza bwino ndi dokotala kapena namwino, ndipo mungachite bwino kuitana mmodzi adzacheze ndi gululo. Pa za mbiri, gwiranani manja ndi mphunzitsi wa History. Nyumba yosungira mbiri ya bomba ku Hiroshima, imene inatsegulidwa mu 1955, ili ndi maumboni a opulumuka ndi zithunzi zojambula okha pa intaneti, zina zomasuliridwa m'Chingelezi. Zimene mukuwerengazo ndi kumasulira kwa John Bester, ndiye pamene chiganizo chakukomerani kwambiri, muzikumbukira kuti chadutsa m'manja mwa anthu atatu: mwini dayale, Ibuse, ndi womasulira.

Mathero musawaululire. Yasuko akudwala, akubisa chithupsa chake chifukwa cha manyazi mpaka mochedwa, mano akugwedera, ukwati watha. Shigematsu akumaliza kukopera tsiku lomaliza la dayale yake, 15 Ogasiti 1945, pamene anzake onse anasonkhana kumvera mfumu ya Japan pa wailesi ikulengeza kugonja, iye n'kutuluka panja kukaima pa ngalande, kumayang'ana tiana ta mikunga tikukwera madzi oyera. Umboni watha kulembedwa pamene palibenso woufuna. Kenako akupita kukaona nsomba zake, akuyang'ana kuphiri, n'kudziuza kuti utawaleza wa mitundumitundu ukatuluka pamenepo Yasuko achira, iye akudziwa kuti sizingatheke. Gulu lililonse limene ndawerenga nalo, wina amatembenuza tsamba kufuna mutu wotsatira, n'kupeza palibe. Mnyamata uja wa kandimverere ndiye anafunsa mokwiya kuti, "Ndiye wamwalira kapena ayi?" Ndinamuuza kuti buku silinena. Anati ndimubwereke apite nalo kunyumba akaonenso bwino, ndipo analibweza teremu yotsatira, chikuto chitamatidwa ndi selotepi.